Kagalu kanga kavulala mwendo: kodi ndikamange ndekha kapena ndidikire kachire kokha?

Funso: Ndili ndi kagalu ka zaka ziwiri, kolemera pafupifupi makilogalamu 3. Dzana kanapulumuka m'manja mwa mwana wanga n'kugwera pansi, ndipo kanalira kwambiri. Chiyambire pamenepo kakuyenda ndi miyendo itatu. Mwendo wakutsogolo wakumanja sikakuupondetsa pansi, ndipo watupa cham'munsi, pafupi ndi phazi. Kakudya bwinobwino ndipo kasiya kulira. Anzanga ena akuti ndingomanga mwendowo ndi kamtengo n'kukapatsa ibuprofen, pamene ena akuti agalu amachira okha. Kodi ndichite chiyani, nanga ndikasamalire bwanji kufikira kachire?

Yankho: Pa malangizo awiri amene anzanu akupatsaniwo, palibe limene ndingakulimbikitseni kutsatira. Galu amene watha masiku awiri osapondetsa mwendo pansi m'pang'ono pomwe, mwendowo uli wotupa pamalo amodzi, timamuona ngati wathyoka fupa kufikira chithunzi cha X-ray chitasonyeza zina. Kubinya wamba kumayamba kuchepa pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo galu wobinya, ngakhale azitsimphina, amayesako kugunditsa zala pansi. Choncho pitani naye kwa dokotala wa ziweto lero lomwe, zikakanika mawa m'mawa. Zoti akudya komanso wasiya kulira zisakunyengeni, chifukwa agalu ambiri amalira panthawi yovulalayo basi, kenaka amapirira mwakachetechete, ndipo chizindikiro cha ululu chimene chimatsala ndi kunyamula mwendo kumene mukukuonako.

Malo amene mwatchulawo ndi amene akundidetsa nkhawa kwambiri. Pakati pa chigongono ndi phazi la galu pali mafupa awiri oyandikana, otchedwa radius ndi ulna, ndipo mwa agalu ang'onoang'ono monga Chihuahua, Pomeranian, Yorkshire Terrier, Toy Poodle ndi Italian Greyhound, mbali yam'munsi ya mafupawa imakhala yopyapyala kuposa pensulo. Miyendo yakutsogolo imanyamula pafupifupi magawo 60 mwa magawo 100 a kulemera kwa thupi, komanso ndiyo imayamba kufika pansi galu akalumpha, motero kugwa kuchokera m'manja mwa munthu, pabedi kapena pampando kumene galu wamkulu sangakumve n'komwe, kumatha kuthyola mafupa onse awiri nthawi imodzi. Vuto silithera pa kuthyokako. Mwa agalu ang'ono amenewa, mbali imeneyi ya fupa ili ndi timitsempha ta magazi tochepa poyerekeza ndi agalu akuluakulu, ndiponso ilibe minofu yambiri yoikuta. Popeza fupa limalumikizana ndi thandizo la magazi amene amafikapo, mafupa amenewa amachedwa kugwirana, nthawi zina amagwirana mokhota, ndipo ena sagwirana n'komwe, m'malo mwake nsonga zake zimayamba kupyapyala ndi kusungunuka. Zikafika pamenepo, kukonza kumavuta kwambiri kuposa mmene kukanakhalira m'sabata yoyamba, ndipo pali agalu amene amadulidwa mwendo chifukwa cha kuchedwa kotereku. Amene amati agalu amachira okha nthawi zambiri amakhala akukumbukira galu wamkulu amene anabinya, osati kagalu ka makilogalamu 3 kothyoka fupa.

Za ibuprofen ndinene mosapita m'mbali: musamupatse. Piritsi limodzi la mamiligalamu 200, limene kwa munthu wamkulu ndi mlingo wochepa, mwa galu wanu limakhala pafupifupi mamiligalamu 67 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, pamene kuwonongeka kwa m'mimba kumatha kuyamba pa mamiligalamu 25 okha pa kilogalamu. Mankhwalawa amayambitsa zilonda za m'mimba zimene zimatha kubowola chifu, ndipo mlingo ukakwera amawononga impso. Naproxen ndi woopsa koposa chifukwa amakhalitsa m'thupi la galu kwa masiku angapo, ndipo diclofenac, ngakhale wopaka pakhungu, ndi woopsanso popeza galu amanyambita paliponse pamene papakidwa kanthu. Paracetamol madokotala a ziweto amamugwiritsa ntchito nthawi zina, koma pa mlingo wowerengedwa mosamala, ndipo piritsi la mamiligalamu 500 ndi lokwanira kuwononga chiwindi cha galu wa msinkhu umenewu. Ngakhale aspirin, amene anthu ambiri amamuyesa wopanda vuto, amamanga manja dokotala, chifukwa dokotalayo amayenera kudikira masiku angapo asanapereke mankhwala oyenera opha ululu. Ngati mwamupatsa kale china mwa zimenezi, musabise. Nenani dzina la mankhwalawo, kuchuluka kwake ndi nthawi imene munamupatsa, ndipo musadikire mpaka mawa.

Kumanga ndi kamtengo nakonso kumawononga kawirikawiri kuposa kuthandiza. Kuti chomangira chigwire ntchito, chiyenera kugwira mfundo ya pamwamba ndi ya pansi pa malo othyokawo, chikhale ndi thonje lokwanira mkati, ndipo chithine mofanana kuyambira kuzala mpaka kumtunda, zimene n'zovuta kuchita pa galu amene ali maso ndipo akumva ululu. Bandeji ikathina imatseka magazi, ndipo pa kamwendo kakang'ono chotere maola ochepa ndi okwanira kupha khungu kapena zala. Ikakhwepa imatsetsereka n'kukathera pamalo othyoka penipenipo, n'kumakoka fupalo nthawi iliyonse galu akasuntha. Chimene chingamuteteze bwino paulendo wopita kuchipatala ndi kabokosi kapena kadengu konyamulira ziweto koyalidwa thaulo lofewa, kothina moti sangathe kuyendayenda. Pomunyamula, dzanja limodzi likhale pansi pa chifuwa, lina pansi pa matako, mwendo wovulalawo uloze kunja osagunda thupi lanu. Kumbukiraninso kuti galu wofatsa kwambiri amatha kuluma mwini wake akamva ululu, choncho mukutireni ndi thaulo lokhuthala, ndipo ana asamugwire. Kumanga kukamwa ndi kansalu n'kololedwa kwa kanthawi, koma osati pa galu wa mphuno yaifupi, amene akusanza kapena amene akupuma movutikira. Musananyamuke imbani foni mufunse ngati muyenera kumumana chakudya, chifukwa pojambula X-ray nthawi zambiri amapatsidwa mankhwala ogonetsa. Pamene mukudikira, mukhoza kuika madzi oundana okulungidwa m'kansalu pamalo otupawo kwa mphindi 10, pokhapokha ngati akulola popanda kulimbana nanu.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka, nkhani yodikira mawa imatha. Mukaona fupa latulukira pakhungu, phimbanipo ndi nsalu yoyera yonyowa ndipo musayese kulibwezera mkati. Magazi akapitirira kutuluka mutapsinja pabala kwa mphindi 10, kapena phazi likazizira kuposa linzake, nyamukani nthawi yomweyo. Tukulaninso mlomo wake muone nkhama: ziyenera kukhala zofiirira, ndipo mukadinapo ndi chala n'kuchotsa, mtundu uyenera kubwerera masekondi awiri asanathe. Nkhama zotuwa, kupuma mofulumira kopitirira maulendo 30 pa mphindi ali m'tulo, kusokonezeka mutu kapena kulephera kukodza zimasonyeza kuti kugwako kunavulaza zambiri kuposa mwendo.

Dokotala akatsimikiza kuti radius ndi ulna zathyoka, musadabwe akakulangizani opaleshoni m'malo mwa chikhakha. Pa agalu akuluakulu ndi ana a agalu, chikhakha chimagwira bwino ntchito pa kuthyoka kwina, koma pa mbali yam'munsi ya mwendo wakutsogolo wa galu wamng'ono chimalephera kawirikawiri, pa zifukwa za magazi zimene ndafotokoza zija, komanso chifukwa sichingagwire mafupa opyapyala chotere moti asasunthe m'pang'ono pomwe. Njira yodalirika ndi kulumikiza fupalo ndi kachitsulo kopyapyala komangidwa ndi timasikuluwu, ndipo agalu ambiri amayamba kupondetsa mwendo patangopita masiku ochepa. Ndikudziwa kuti opaleshoni imeneyi si yotsika mtengo ndipo si chipatala chilichonse chimene chimaichita. Ngati ndi choncho kwa inu, kambiranani momasuka ndi dokotalayo, chifukwa pali kuthyoka kwina kumene chikhakha chimakwanira, monga fupa longong'aluka osalekana, kapena pamene ulna yatsala yosathyoka n'kumachirikiza inzake. Chimene muyenera kudziwa posankha njira imeneyi n'chakuti ntchito yanu imachuluka: mudzafunika kubwerera kuchipatala pafupifupi sabata iliyonse, ndi kujambulitsa mwendowo kangapo kuti aone ngati fupa likugwiranadi.

Chithunzi chikaonetsa kuti fupa lili bwino, ndiye kuti mwina wabinya mfundo ya pamwamba pa phazi, wathyola chikhadabo, kapena walasidwa ndi munga pakati pa zala, ndipo zimenezi zimachira ndi mankhwala komanso kupuma kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kwa owerenga ena amene agalu awo akutsimphina mwendo wakumbuyo, nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Kagalu kamene kamathamanga, n'kunyamula mwendo wakumbuyo masitepe awiri kapena atatu, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika, nthawi zambiri kamakhala ndi kafupa ka pabondo koguluka m'malo mwake, vuto limene madokotala amaligawa m'magulu anayi malinga ndi kukula kwake, ndipo si onse amafuna opaleshoni. Kutsimphina kwadzidzidzi kosatha kumatha kukhala kuduka kwa mtsempha wa mkati mwa bondo. Mwana wa galu wa miyezi 4 mpaka 12 amene akutsimphina pang'onopang'ono osavulala angakhale ndi matenda a Legg-Calvé-Perthes, amene amawononga mutu wa fupa la ntchafu. Koma galu amene akukoka miyendo yonse iwiri yakumbuyo, makamaka wa mtundu wa Dachshund, vuto lake lili mumsana, ndipo ameneyo afike kwa dokotala tsiku lomwelo.

Tsopano tibwere ku mbali imene ili m'manja mwanu, imenenso anthu ambiri amaipeputsa. Fupa la galu wokhwima msinkhu limatenga masabata 8 mpaka 12 kuti ligwirane bwino, pamene la mwana wa galu limatenga masabata 4 mpaka 6, koma ululu umatha kale kwambiri nthawi imeneyi isanakwane. Pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu, galu wanu adzayamba kuoneka ngati wachira, adzafuna kuthamangira kukhomo mlendo akabwera ndiponso kukwera pampando monga kale, ndipo inu mudzamumvera chisoni pomuona atatsekeredwa. Nthawi imeneyi ndi imene tizitsulo tambiri timapindika kapena kuthyoka. Kachitsulo kamangogwira fupa kuti lisasunthe pamene thupi likuluka fupa latsopano, koma sikanapangidwe kuti kapirire kulumpha kwa galu, ndipo opaleshoni yachiwiri pa fupa limene labowoledwa kale imakhala yovuta kuposa yoyamba. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kukhwimitsa mtima pa nkhani ya kupuma n'kofunika mofanana ndi luso la amene anachita opaleshoniyo.

Kupuma kumene ndikunenaku ndi kukhala m'kakhola kamene galuyo angathe kuimiriramo, kutembenuka ndi kugona atatambasula miyendo, koma osathamanga kapena kudumpha. Chipinda chonse n'chachikulu kwambiri kwa galu wa makilogalamu 3, makamaka ngati muli bedi kapena mpando. Kokadzithandiza muzimunyamula, mukafika mumuike pansi ali pachingwe chachifupi kwa mphindi zosapitirira zisanu, katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo chingwecho chimangidwe ku lamba wa pachifuwa osati wa m'khosi, popeza agalu ang'ono ambiri ali ndi kholingo lofooka. Masitepe, pansi poterera, agalu anzake ndi masewera a ana zonsezi zidikire kaye. Kugona naye pabedi musiye ngakhale anazolowera, chifukwa ngozi zambiri zimachitika usiku mwini wake ali m'tulo. Kuti asasungulumwe, ikani kakholako pamalo pamene anthu amakhala, mumupatse chinthu chotafuna chimene sangameze, ndipo mukafuna kumufukata mukhale pansi osati pampando. Galu akakhala wosakhazikika kwambiri, wolumphalumpha m'kholamo, muuzeni dokotala, chifukwa alipo mankhwala omukhazika mtima pansi monga trazodone amene amaperekedwa panthawi ngati imeneyi.

Akabwera ndi bandeji kapena chikhakha, dziwani kuti chinthu chimene chikumuthandizacho chikhozanso kumuvulaza, ndipo ndinu amene mungaone vuto msanga. Kawirikawiri madokotala amasiya zala ziwiri zapakati zikuonekera kunsonga, ndipo amatero ndi cholinga. Ziyang'aneni m'mawa ndi madzulo. Zikhadabo ziwirizo ziyenera kukhala zoyandikana, ndipo mukaona zikutalikirana, ndiye kuti phazi likutupa ndipo bandejiyo yathina. Zigwireni muone ngati zili zofunda ndiponso ngati galuyo akumva mukamazikhudza. Bandeji ikanyowa ndi madzi kapena mkodzo iyenera kusinthidwa tsiku lomwelo, chifukwa thonje lonyowa limalimba pouma, ndipo khungu la mkati limayamba kunyeka popanda wina kuona. Potuluka kunja vekani phazilo kathumba ka pulasitiki, koma muchotse mukangolowa m'nyumba, apo ayi chinyontho chimene chimasonkhana mkatimo chidzanyowetsa bandejiyo. Fungo loipa, kutsetsereka kwa bandeji, tizilonda m'mphepete mwake, kapena galu amene anali chete n'kuyamba mwadzidzidzi kuiluma, zonsezi ndi zifukwa zobwerera kuchipatala osadikira tsiku limene anakuuzani. Musaidule kapena kuimanganso nokha pokhapokha dokotala atakuuzani kutero pafoni.

Bala la opaleshoni silifuna zambiri kupatula kulisiya louma ndi kuliteteza ku lilime la galuyo. Chikhulupiriro chakuti malovu a galu amapoletsa chilonda chawonongetsa mabala ambiri, chifukwa m'kamwa mwa galu muli tizilombo, ndipo tikafika pa kachitsulo kali pansi pa khungu lopyapyala, kutichotsa kumavuta moti nthawi zina kachitsuloko kamayenera kuchotsedwa. Kolala yapulasitiki yomulepheretsa kunyambita avale usana ndi usiku kufikira ulusi utachotsedwa, kawirikawiri pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo panthawiyi asasambitsidwe. Kufiira pang'ono ndi kutupa m'masiku atatu oyamba n'kwachibadwa, koma mafinya, bala lotseguka kapena kutentha thupi si zachibadwa. Thupi la galu limatentha pakati pa madigiri 38 ndi 39.2, ndipo likapitirira 39.5 ali chigonere muyenera kuimba foni. Ngati pali kabala kena kapakhungu kofunika kutsuka, gwiritsani ntchito madzi owiritsa ozizira osungunulamo magalamu 9 a mchere pa lita imodzi. Sipiliti ndi hydrogen peroxide zimapha minofu yatsopano imene ikuyesa kutseka balalo.

Mankhwala opha ululu opangira agalu, monga meloxicam ndi carprofen, amagwira bwino ntchito, koma pa galu wamng'ono kusiyana kwa mlingo woyenera ndi wopitirira kumakhala kwa timadontho tochepa chabe. Yezani ndi sirinji imene mwapatsidwa, osati supuni kapena kungoyerekeza ndi maso, ndipo muzimupatsa atadya. M'nyumba mukhale munthu mmodzi wopereka mankhwala kuti asapatsidwe kawiri. Akayamba kusanza, kutsegula m'mimba, kukana chakudya kapena kuchita chimbudzi chakuda, siyani mankhwalawo n'kudziwitsa dokotala. Mankhwala amenewa saphatikizidwa ndi mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone kapena ena a gulu lake, choncho nenani chilichonse chimene galuyo akumwa kale. Mukapatsidwa mankhwala ena opha ululu otchedwa gabapentin, musagule wamadzi wopangira anthu m'malo mwake, chifukwa wina amakhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol chimene ndi poizoni kwa agalu. Mankhwala opha tizilombo akaperekedwa, amalize onse ngakhale bala likuoneka lapola.

Pa nkhani ya chakudya sindikhalitsapo. Galu amene akudya chakudya chokwanira safunika kuwonjezeredwa kashiamu kuti fupa ligwire. Chimene muyenera kupewa ndi kunenepa, popeza sakuyenda ndipo aliyense m'nyumba amafuna kumupepesa ndi kanthu kodya. Magalamu 300 owonjezera pa galu wa makilogalamu 3 ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake lonse, ndipo katundu ameneyo amagwera pa mwendo umene ukuchirawo. Muzimupapasa m'nthiti sabata iliyonse: nthiti ziyenera kumveka mosavuta pansi pa zala zanu. Kutha masiku awiri kapena atatu osachita chimbudzi pambuyo pa mankhwala ogonetsa si chachilendo, koma kutha maola 24 osakodza n'kofunika kunena.

Amene angalamule kuti galu atuluke m'khola ndi chithunzi cha X-ray chimene chimajambulidwa pakatha masabata 6 mpaka 8, osati maonekedwe a kayendedwe kake. Dokotala akavomereza, yambani ndi kuyenda kwa mphindi zisanu pachingwe, kawiri kapena katatu pa tsiku, n'kumawonjezera mphindi zisanu sabata iliyonse. Yendani pang'onopang'ono kwambiri, kuposa mmene mungaganizire. Agalu ang'ono ndi akatswiri oyenda ndi miyendo itatu, ndipo mukafulumira amangonyamula mwendo wovulalawo n'kumadumpha, pamene kuyenda mwapang'onopang'ono kumawakakamiza kupondetsa mwendo uliwonse pansi, zimene zimabwezeretsa minofu imene yafota komanso kulimbitsa fupalo. Mwendowo udzaoneka woonda kuposa unzake kwa kanthawi, ndipo mfundo zake zidzakhala zouma, makamaka ngati unali m'chikhakha. Pemphani dokotala akuonetseni mmene mungaupindire ndi kuuwongola modekha, osapitirira pamene galuyo ayamba kukana. Kachitsulo nthawi zambiri kamasiyidwa m'thupi moyo wonse, ndipo kamachotsedwa pokhapokha ngati kakuvutitsa khungu, kalowa tizilombo, kapena fupa la pansi pake likupyapyala.

Akachira, kumbukirani kuti mwendo winawo ndi wopyapyala mofanana ndi umene unathyokawo. Ana azimunyamula atakhala pansi, ndipo ngati amaloledwa kukwera pabedi kapena pampando, muikireni kathabwa kotsetsereka kosaterera n'kumuphunzitsa kukwera ndi kutsikirapo. Ndipo nthawi ina iliyonse m'masabata akuchirawa, galu amene anayamba kale kupondetsa mwendo akadzaunyamulanso mwadzidzidzi, mubwezereni m'khola nthawi yomweyo n'kupita naye kukajambulitsa tsiku lomwelo.